IDIOSYNCRASY: LIU LA CINGEREZI LONENA ZA KAKHALIDWE KA MUNTHU PAYEKHA

Lero tiri ndi liu limodzi la Cingerezi loti tilisende ngati cinangwa, tione cimene ciri m'kati mwake. Liulo ndi idiosyncrasy. Ndi lalitali ndithu, ndipo lilime limapunthwa polichula, koma musathawe, pakuti mudzaona kuti zidutswa zake mumazidziwa kale.

Wina angafunse kuti, nanga ife a Cinyanja, amene kusukulu tinaphunzira m'Cipwitikizi, tivutikirenji ndi mau a Angerezi? Yankho liri m'mbiri yathu yomwe. Pa nthawi ya nkhondo, makamaka kuyambira caka ca 1986, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ana ena anaphunzira Cingerezi kumeneko. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwao ndi cinenero cimeneci m'kamwa. Mu 1995 dziko la Moçambique linalowa m'bungwe la Commonwealth. Ndiponso mabuku ambiri ofotokoza Baibulo, ndi timapepala tambiri ta m'mabokosi a mankhwala, nzolembedwa m'Cingerezi. Tsono ndi bwino kuti mau otere tiziwamva ndi mizu yake yomwe.

TANTHAUZO LAKE

Idiosyncrasy ndi kakhalidwe, kacizolowezi kapena kaganizidwe kamene kali ka munthu mmodzi yekha, kamene anzake alibe, ndipo kamamzindikiritsa. Ndi kaja timati tikaona munthu, timangoseka n'kunena kuti, "Aa, asiyeni, ndi mmene aliri amenewa."

Tiyeni tipereke zitsanzo za pamudzi. Pali agogo amene sadya nsima yotentha, amayamba aidikira izizire, anzao onse atasamba kale m'manja. Pali mkulu wa mpingo amene sangayambe kupemphera asanatsokomole kawiri. Pali mai amene akamawerenga ndalama amayambira pa zazing'ono nthawi zonse. Pali mlimi amene khasu lake salola kuti munthu wina aligwire, ngakhale mkazi wake. Zonsezi si macimo, si matenda, ndiponso si mwambo wa mtundu wonse ai. Ndi za mwiniwakeyo basi.

Angerezi ali ndi citsanzo cao cochuka. Samuel Johnson, amene anatulutsa dikishonale yaikulu ya Cingerezi mu 1755, anali munthu wanzeru zakuya ndi woopa Mulungu. Koma bwenzi lake James Boswell, amene analemba mbiri ya moyo wake mu 1791, akutiuza kuti Johnson ankawerenga mapazi ake poyandikira khomo, kuti alowe kapena atuluke ndi phazi limene iye ankafuna. Akaona kuti wasokoneza, ankabwerera m'mbuyo n'kuyambanso. Taonani, munthu amene anaphunzitsa mtundu wonse matanthauzo a mau, khomo lokha linkamcedwetsa!

Liuli siligwira nchito pa anthu okha. Lingathe kunenedwa pa gulu, pa cinenero, ngakhale pa makina. Galimoto yakale imene siilira pokhapokha mwiniwake atapopa mafuta katatu, Mngerezi anganene kuti iri ndi idiosyncrasy yake.

ZIDUTSWA ZITATU ZA CIGIRIKI

Liuli linayamba kuoneka m'mabuku a Cingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, koma kwao kweni-kweni ndi ku Cigiriki, cinenero cimene Cipangano Catsopano cinalembedwamo. Linamangidwa ndi zidutswa zitatu.

Coyamba ndi idios, kutanthauza "cake-cake ca munthu", cimene siciri ca gulu. Inu amene munaphunzira Cipwitikizi mukudziwa liu loti idioma, ndilo cinenero ca mtundu wakuti-wakuti, cao-cao. Mukudziwanso liu lacipongwe lija loti idiota. Poyamba silinali kutukwana. Kwa Agiriki, idiotes anali munthu wamba, wopanda udindo m'boma ndi wosaphunzira luso lapadera. Pa Macitidwe 4:13 akulu a Ayuda anagwiritsa nchito maganizo omwewo pa Petro ndi Yohane, powaona kuti ndi anthu wamba osapita kusukulu za arabi, ndipo liu limene Luka analemba pamenepo ndi lomweli. Paulo nayenso anadzichula ndi liu limeneli pa 2 Akorinto 11:6, ponena za kalankhulidwe kake. Tanthauzo la "citsiru" linadza pambuyo pake.

Caciwiri ndi syn, kutanthauza "pamodzi". Ici ndiye ca m'nyumba mwathu mweni-mweni. Sinodi ndi syn kuphatikiza hodos, njira, ndiko kuti anthu oyenda njira imodzi kudzakumana. Sunagoge ndi malo osonkhanirana pamodzi.

Cacitatu ndi krasis, kutanthauza "kusakaniza". Agiriki akale sankamwa vinyo wosasungunula, ankamsakaniza ndi madzi m'mbale yaikulu yochedwa krater. Kucokera pamenepo dzenje la pamwamba pa phiri lophulika moto linachedwa cratera m'Cipwitikizi, cifukwa limaoneka ngati mbale ija. Ndipo ana a sukulu amene amalira ndi phunziro la crase, pamene a awiri amalowana n'kukhala à mmodzi, adziwe kuti akulimbana ndi liu lomweli.

Tsono tikalumikiza zitatuzi tipeza kuti idiosyncrasy ndi "kasakanizidwe kake-kake ka munthu". Apa funso lidza lokha: kodi cimene cinasakanizidwa mwa munthuyo n'ciani?

MADZI ANAI A M'THUPI

Yankho liri kwa asing'anga a Agiriki. M'mabuku ochedwa ndi dzina la Hippocrates, sing'anga wa pa cisumbu ca Kos amene anabadwa ca m'ma 460 Kristu asanabadwe, muli ciphunzitso cakuti m'thupi la munthu muli madzi a mitundu inai: magazi, makhololo, ndulu yacikasu ndi ndulu yakuda. Galen wa ku Pergamon, amene anabadwa mu 129 Kristu atabadwa nakhala sing'anga wa mafumu a Roma, anakuza ciphunzitsoci, ndipo ku Ulaya cinalamulira nchito ya zacipatala kwa zaka zoposa 1,000.

Iwo ankati madzi anaiwa akalingana bwino munthu ali moyo, koma amodzi akaposa anzake munthu adwala. Pambuyo pake anthu anagawanso mitima ya anthu motsata madzi omwewa. Wa magazi ambiri ankati ndi wansangala. Wa makhololo ambiri, wofatsa ndi wocedwa kutekeseka. Wa ndulu yacikasu, wa mtima wapacala. Wa ndulu yakuda, wokhala ndwii, wacisoni. Mau a Cipwitikizi oti sanguíneo, fleumático, colérico ndi melancólico ndi ana a ciphunzitso cimeneci. Nalonso liu loti temperamento linacokera ku liu la Cilatini lonena za kusakaniza moyenera, ndipo humor poyamba ankatanthauza madzi a m'thupi. Munthu akati bwana lero ali ndi mau humor, akulankhula za Galen osadziwa.

Koma asing'angawo anaona kuti magulu anai okha sakwanira. Anthu awiri angadye cakudya cimodzi, wina n'kukhuta bwino, wina n'kudwala. Sextus Empiricus, sing'anga ndi munthu wa nzeru amene anakhala ca m'ma 200 Kristu atabadwa, anasonkhanitsa nkhani zotere pofuna kuonetsa kuti anthu amasiyana. Anasimba za nkhalamba ina yaikazi ya ku Attica imene inkamwa cimera caululu cimene cimapha anthu, koma iyo osafa. Anasimbanso za Demophon, wopereka zakudya pa gome la mfumu Alexander, amene ankanjenjemera ndi cisanu akakhala padzuwa, n'kumva kutentha akakhala pamthunzi. Kaya nkhanizi zinacitikadi momwemo, mfundo yake inali yakuti munthu aliyense ali ndi kasakanizidwe kake. Ndiwo mwini wake wa liu lathuli.

Tisawaseke Agirikiwo, cifukwa nafenso timaika khalidwe la munthu m'ziwalo za thupi. Timati wapsa mtima, ngouma mtima, ali ndi mtima wapacala. Anthu awiri akamangokangana popanda cifukwa timati magazi ao sagwirizana.

Ciphunzitso ca madzi anai cinagwa. Cisanagwe cinapweteka anthu ambiri, pakuti madokotala ankakhetsa magazi a odwala poganiza kuti acuruka. George Washington, pulezidenti woyamba wa America, anamcotsa magazi ambiri pa tsiku limene anamwalira mu Disembala 1799. Koma mu 1628 William Harvey anaonetsa kuti mtima umapopa magazi mozungulira thupi. Mu 1880 Alphonse Laveran anaona kacirombo ka malungo m'magazi a wodwala, ndipo mu 1882 Robert Koch anapeza kacirombo ka cifuwa cacikulu. Ndulu yakuda ija palibe anaipeza. Ciphunzitso cinafa, koma liu linatsala, monga mmene dzina la mudzi limatsalira mwini mudzi atapita kale.

LIULI KU CIPATALA

Madokotala sanalitaye liuli, ndipo apa mpofunika kuchera khutu, pakuti pali moyo wa munthu. M'cinenero ca cipatala, idiosyncrasy ndi pamene mankhwala amene amathandiza anthu ambiri apweteka munthu mmodzi mwa njira yosayembekezeka, ngakhale wamwa muyeso woyenera.

Citsanzo codziwika ndi mankhwala a malungo ochedwa primaquine. Madokotala anaona kuti anthu ena akamwa mankhwalawa magazi ao amaonongeka: maso amacita cikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo munthu amafooka. Mu 1956 ofufuza a ku Chicago anapeza cifukwa cake. Anthu otere anabadwa ndi kucepa kwa kanthu kena koteteza maselo ofiira a magazi, kamene kamachedwa G6PD. Ndi cibadwa cocokera kwa makolo, cimaoneka kwambiri mwa amuna, ndipo ncofala mu Afirika ndi m'maiko ena a malungo. Munthu wotere angakhale moyo wake wonse osadziwa, kufikira tsiku limene wakumana ndi mankhwala osayanjana naye.

Palinso mankhwala a gulu la sulfa, monga Fansidar ndi Bactrim. Anthu ambiri-mbiri amamwa popanda vuto. Koma mwa apo ndi apo pamapezeka munthu amene khungu lake limabuka matuza, m'kamwa ndi m'maso mumacita zironda, khungu n'kuyamba kusupuka ngati wapsa ndi moto. Zikatero, pamudzi mau amafulumira: "Amulodza!" Ena amaloza namwino, ena amaloza apongozi. Abale, si ufiti umenewo. Ndi thupi la munthuyo limene lakana mankhwalawo. Cofunika ndi kuleka kumwa, kuthamangira ku cipatala tsiku lomwelo, ndi kupempha kuti dzina la mankhwalawo lilembedwe pa khadi la wodwala, kuti asadzapatsidwenso. Sitikunena kuti muziopa mankhwala ai. Malungo osaciza ndiwo amapha anthu oculuka. Tikunena kuti mankhwala amene anathandiza mnansi wanu musamangotapa n'kupatsa mwana wanu, ndipo ngati ena anakupwetekanipo, muuzeni namwino asanalembe.

KALEMBEDWE, KACHULIDWE NDI KAGWIRITSIDWE NCHITO

Liuli liri ndi malembo 12. Polichula ligaweni pasanu ndi kamodzi: i-di-o-sin-kra-si, ndipo mphamvu ya mau igwere pa "sin". M'Cipwitikizi ndi idiossincrasia, ndi ma s awiri pakati, mphamvu iri kumapeto pa "si".

Colakwa cimene ngakhale eni ake a Cingerezi amacita ndi kulemba -cracy kumapeto, potengera liu loti democracy. Koma mau awiriwa si pacibale. Mapeto a democracy anacokera ku kratos, mphamvu kapena ulamuliro, pamene mapeto a liu lathu anacokera ku krasis, kusakaniza. Tsono kumbukirani: kumapeto kuli s, osati c. Zikakhala zambiri timalemba idiosyncrasies. Pofotokoza cinthu timati idiosyncratic, monga ponena za mlembi amene kalembedwe kake nka iye yekha.

Ndi liu la m'mabuku, la m'nyuzipepala ndi la m'kalasi. Poceza wamba Mngerezi amakonda kaliu kafupi koti quirk, kamene tanthauzo lake ndi lofanana koma nkopepuka. Liu loti habit ndi cizolowezi ciri conse, ngakhale cimene anthu onse ali naco, monga kusamba m'mawa. Kusamba m'mawa si idiosyncrasy, koma kuimba nyimbo imodzi yomweyo tsiku liri lonse posamba, imeneyo ndiyo. Palinso liu loti eccentric, locokera ku Cigiriki, lotanthauza "kunja kwa pakati". Poyamba linali la akatswiri a nyenyezi ponena za njira zozungulira zimene pakati pake sipalingana. Limanenedwa pa munthu amene moyo wake wonse ngwacilendo pamaso pa anthu. Munthu wamba angathe kukhala ndi idiosyncrasy imodzi kapena ziwiri popanda kukhala eccentric.

Cinthu cacikulu coti tigwire ndi ici: liuli siliyamikira ndiponso silidzudzula. Limangonena kuti cinthuci nca munthuyu yekha. Cifukwa cake sitingaligwiritse nchito pa kuba, kumenya mkazi kapena kuledzera. Zimenezo ziri ndi maina ake.

Nanga m'Cinyanja tingati ciani? Liu limodzi lokha lolingana nalo ndendende tiribe. Cibadwa cimayandikira, makamaka pa za thupi, koma tizolowezi tina munthu sabadwa nato. Khalidwe ndi lalikulu kwambiri, ndipo limakhudza zabwino ndi zoipa. Cizolowezi cingakhale ca mudzi wonse. Koma cinenero cathu ciri ndi cida cimene Cingerezi ciribe, ndico ka- ndi ti- wocepetsa. Tikati "ali ndi kakhalidwe kake" kapena "ali ndi tizolowezi take", tanena zonse, ndipo tanena mokoma mtima.

PHUNZIRO KWA IFE

Pali maenje awiri amene anthu a Mulungu amagweramo pa nkhani imeneyi.

Dzenje loyamba ndi kusandutsa kakhalidwe ka munthu kukhala mlandu. M'midzi mwathu munthu wosiyana ndi anzake sakhala pabwino. Nkhalamba ikamalankhula yokha, ikamakonda kukhala payokha, ikamadzuka usiku kukhala pakhonde cifukwa tulo tasowa, anthu amayamba kunong'onezana. Mwana akadwala pafupi, dzina la nkhalamba ija limachulidwa. Tonse tikudziwa kumene manong'onong'o otere amathera: kusalidwa, kuthamangitsidwa pamudzi, nthawi zina imfa. Ndipo kawiri-kawiri wozunzikayo ndi mai wamasiye wopanda womuimira. Mu mpingo namonso zimacitika mwa njira yake. Wina amapemphera mofuula, wina camumtima, ndipo aliyense amakaikira cikhulupiriro ca mnzake.

Matendawa si atsopano. Pa Mateyu 11:18-19 Ambuye Yesu anadandaula kuti Yohane Mbatizi, amene ankasala zakudya, anthu anamnena kuti ngogwidwa ndi ciwanda, pamene Iye mwini, amene ankadya ndi anthu, anamnena kuti ngosusuka. Pa Aroma 14 Paulo analembera mpingo umene unagawanika pa nkhani ya zakudya ndi masiku, ena akudya zonse, ena masamba okha, ndipo anawaletsa kupeputsana ndi kuweruzana pa zinthu zotere. Makolo athu naonso anacenjeza kuti wamisala anaona nkhondo. Amene timamuyesa wosokonezeka mwina ndiye waona cimene ife sitinaone.

Dzenje laciwiri ndi lotembenuza: kusandutsa chimo kukhala kakhalidwe. Bambo amatukwana ana ndi mkazi tsiku ndi tsiku, akulu a mpingo akamcezera iye amati, "Pepani akulu-akulu, ndi mmene ndinabadwira, mtima wangawu ngwapacala." Msungi wa cuma amasokoneza ndalama za Mulungu, anzake n'kumati, "Amenewa ndi mmene aliri, masamu amawavuta." Iai, abale. Apa munthu akubisala kuseri kwa cibadwa. Ngakhale Galen akanauka lero n'kunena kuti bamboyo ali ndi ndulu yacikasu yambiri, Mau a Mulungu akanamuitanabe kuti alape.

Tsono tisiyanitse bwanji? Tifunse mafunso atatu. Kodi kakhalidweka kakupweteka munthu wina? Kodi kakutsutsana ndi lamulo lomveka la Mulungu? Kodi kakuononga mwini wakeyo, thupi kapena maganizo? Ngati yankho pa onse atatu ndi ai, tisiyeni munthuyo akhale, ndipo tiphunzire kumkonda ndi tizolowezi take tomwe. Ngati pali wopwetekedwa kapena lamulo lathyoledwa, timdzudzule mwacikondi. Ngati akudziononga yekha, kapena ngati munthu amene anali bwino-bwino wasintha mwadzidzidzi, kuiwala-iwala, kusocera njira ya kwao, kulankhula zosamveka, ameneyo afunika cipatala ndi cisamaliro, osati bwalo la milandu.

Pomaliza, tibwerere ku Cigiriki cathu, pakuti zidutswa za liuli ziri m'Baibulo lomwe. Pa 1 Akorinto 7:7, pamene Paulo akuphunzitsa kuti munthu aliyense analandira mphatso yake kwa Mulungu, liu lonena kuti "yake" ndi idios uja. Pa Yohane 10:3, pamene tikumva za mbusa woitana nkhosa ndi maina, liu losonyeza kuti nkhosazo nzake-zake ndi lomwelo. Ndipo pa 1 Akorinto 12:24, pamene Paulo akufotokoza mmene Mulungu analumikizira ziwalo za thupi, mneni amene anagwiritsa nchito anapangidwa ndi syn, pamodzi, ndi muzu womwe uja wa krasis, kusakaniza. Asing'anga a Agiriki ankayang'ana kasakanizidwe ka m'thupi la munthu mmodzi. Mtumwi anayang'ana kasakanizidwe ka mpingo wonse, mmene wofulumira ndi wocedwa, wolankhula-lankhula ndi wacete, anaikidwa m'mbale imodzi ndi dzanja la Mulungu mwini.

Cotero Lamulungu likudzali, mkulu uja akatsokomola kawiri asanapemphere, musagwedezane zigongono. Tsekani maso, mupemphere naye. Ndipo mukabwerera kunyumba, funsani a m'banja mwanu kuti akuuzeni tizolowezi tanu inuyo. Mudzadabwa kuona kuti akhala akukupirirani zaka zingati.